Ndinapukuta Duwa la Eni Nyumba

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomopo. Kodi mukupeza bwanji masiku ano? Nanga bondo lija likuti chiyani? Achimwene anandiuza pa foni kuti mwayambanso kugwada pokolopa, chonsecho adokotala anakuletsani. Ndikudziwa kuti mukana, munena kuti achimwenewo ndi abodza chibadwire, ndiye sinditaya inki pa nkhani imeneyo. Ine kuno ndili bwino. Chimfine chimene ndinkadandaula chija chinatha, ndikudya mokwanira, ndipo siketi yabuluu ija yayamba kundithina.

Ndasankha kulemba kalata m'malo moimba foni chifukwa nkhani yanga ndi yaitali, ndipo pa foni mumandidula pakamwa ndisanafike n'komwe pakati. Komanso kumapeto kwa kalatayi kuli pempho limodzi. Musathamangire kumeneko, chonde. Khalani pansi, tambasulani mwendo wodwalawo, muwerenge kuyambira pano, kuti mumve mmene mwana wanu anatsala pang'ono kutaya mwayi wake chifukwa cha kansalu kopukutira.

Kuntchito zikuyenda. Ndikadali ku sitolo ya mipando ija. Ndimafika ena onse asanafike, n'kuyamba ndi matebulo, kenako makabati agalasi, kenako mabedi amene anthu amakhalapo pongoyesa koma osagula. Makasitomala ena amayendetsa chala pa tebulo kuti aone ngati pali fumbi, ndipo ine ndimaima patali n'kumaseka chamumtima, poti chala chimabwerako choyera. Anzanga anandipatsa dzina loti Mdani wa Fumbi. Ngakhale maluwa apulasitiki amene timakongoletsera matebulo ndimawatsuka Lolemba lililonse, n'kuwapaka timafuta kuti aziwala. Mwezi watha abwana anandiyamikira pamaso pa onse. Ndinawauza kuti ayamikire mayi anga, amene ankatibweza kukasesanso pabwalo akapeza kaudzu kamodzi.

Timavuto sitisowa. Msewu wathu akuukumba, ndiye basi imazungulira kutali ndipo ndimadzuka msanga kuposa kale. Mbaula yanga yamagetsi inapsa mbali imodzi, ndikuphika ndi mbali yotsalayo, chakudya chimodzi chikapsa china chazizira. Koma zimenezi n'zazing'ono.

Chimene chakhala chikundisowetsa mtendere mukuchidziwa kale. Mwana wanga Kamphepo ndinamusiya kwa inu ali ndi zaka zisanu, pano ali ndi zisanu ndi zinayi. Mano ake anaguluka n'kumeranso ine kulibe. Chipinda chimene ndikukhala chino n'chabwino. Chili kuseri kwa nyumba yaikulu, chili ndi zenera loyang'ana kotulukira dzuwa, mpopi uli pakhomo penipeni, ndipo sukulu ili pafupi moti ndikakhala kuti sindinapite kuntchito belu lake ndimalimva ndili m'nyumba. Koma tsiku limene ndinkalowa, zaka ziwiri zapitazo, eni nyumba anandiuza kuti pakhomo pawo safuna ana. Sanafotokoze chifukwa, inenso sindinafunse. Zipinda zina zolola ana zili kutali ndi ntchito, zina n'zodontha, zina bafa limodzi mabanja asanu. Ndiye ndakhala ndikudikira tsiku labwino loti ndiwapemphe kuti asinthe maganizo.

Eni nyumbawa ndi bambo achikulire amene ankakonza mawotchi mpaka maso awo atayamba kuchita ng'ala. Salankhulalankhula, ndipo amasunga nthawi moti ukawalonjeza seveni koloko n'kuchedwa ndi mphindi ziwiri, amakuyang'ana ngati waba mbuzi. Akazi awo anamwalira chaka chatha, ndinakuuzani nthawi ija. Anali mayi odekha, ankandipatsa moni pa zenera ndikamadutsa. Chimwalirireni mayiwo, achikulire anasiya ngakhale kukhala pakhonde, ndipo ine ndinaona kuti si nthawi yobweretsa nkhani ya mwana.

Miyezi itatu yapitayo anagogoda pachitseko changa Loweruka m'mawa, atanyamula mphika wa maluwa ndi manja awiri. Anati akupita kwa mwana wa mchemwali wawo, ku tauni ina, kukachotsetsa ng'ala m'maso onse awiri, ndipo akakhala kumeneko miyezi iwiri. Nyumba atseka, koma duwa ili silingakhale mumdima. Linali la malemu akazi awo. Anandipempha kuti ndiliike pa zenera langa, ndizilipatsa madzi pang'ono pakapita milungu iwiri, ndipo kupatula pamenepo ndisalivutitse. Mawu oti ndisalivutitsewo anawanena kawiri. Ine ndinangogwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima ndinali nditayamba kale kuvina. Ndinati mwayi wanga ndi umenewu. Akadzabwera n'kupeza duwa lawo likuwala kuposa mmene analisiyira, ndidzangoti paja pali kankhani kena, bambo.

Ndikufotokozereni duwalo, poti sindikukumbukira kuti ndinalionapo kwathuko. Silitalika ndipo lilibe nthambi. Limangokhala phee mumphika ngati kakabichi kotambasuka, kukula kwake kofanana ndi mbale yodyera mwana. Masamba ake ndi onenepa, odzaza madzi, osanjikizana mozungulira, aakulu kunja, ang'onoang'ono pakati, nsonga zake zofiirira pang'ono. Dzina lake lenileni achikulire ananditchulira koma linandikanika lilime, ndiye ndimangoti kabichi. Chimene ndinaona msanga n'chakuti duwa lonse linali mbuu, tsamba lililonse lili ndi ufa woyera pamwamba. Pa masamba aakulu am'munsi panalinso zidindo za zala zooneka bwinobwino, pamene munthu anagwira n'kuchotsa ufawo.

Amayi, munandilera nokha, mukudziwa zimene zinachitika m'mutu mwanga. Fumbi ndi zidindo za zala, adani anga awiri, pa chinthu chimodzi! Ndinawamvera chisoni achikulire. Ndinati taonani bambo wamasiye wosaona bwino, duwa la akazi ake lachita kutuwa chonchi iye osadziwa. Basi yawo isanatuluke n'komwe m'tauni, ine ndinali nditatenga kale beseni, kansalu kofewa, thonje ndi mswachi wakale. Ndinayamba ndi zidindo zija. Ndinapukuta tsamba limodzilimodzi, pamwamba ndi pansi, m'makona ndikulowetsa thonje lokulunga pa kamtengo ka machesi. Ntchitoyo inanditengera m'mawa wonse. Nditamaliza ndinadontheza mafuta ophikira pa kansalu n'kupaka, monga ndimachitira ndi maluwa akuntchito. Linawala, Amayi, linabiriwira mochititsa kaso, moti ndinalijambula pa foni. Lolemba ndinaonetsa chithunzicho kwa dalaivala wa lole yathu, iye n'kunena kuti likuoneka ngati lapulasitiki. Ine ndinayesa kuti akundiyamikira ndipo ndinathokoza.

Sindinalekere pomwepo. Ndinaganiza kuti madzi a kamodzi pa milungu iwiri ndi kuumira chabe kwa amuna osadziwa ntchito zapakhomo. Ndinayamba kulithirira m'mawa uliwonse, madzi ake kuthira pakati penipeni kuti limwe bwino. Ndinaonanso kuti mphika wake ndi wakale, wadothi, wobenthuka m'mphepete, ndiye ndinalisamutsira m'kachitini kokongola kamaluwamaluwa kamene ndinatola kuntchito, kopanda bowo pansi kuti kasadetse zenera. Ndikamapita kuntchito ndinkalitulutsa n'kuliika pamwamba pa mpanda wa njerwa kuti liziwothera dzuwa tsiku lonse. Zonsezi ndinkachita ndikuimba nyimbo.

Patatha masiku khumi, nditaweruka kuntchito, ndinapeza masamba apamwamba ali ndi mabala ofiirira ngati nsalu yopsa ndi simbi. Ena am'munsi anali achikasu, ofewa, ukangowakhudza n'kugwa. Ndinanunkhiza dothi, linkanunkha chithaphwi. Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo, yunifomu ili m'thupi, n'kumaona chipinda changa, sukulu ija ndi Kamphepo zonse zikundipulumuka chifukwa cha kabichi mmodzi.

M'mawa mwake ndinaliika m'katoni n'kupita nalo kwa mayi wina wogulitsa maluwa pafupi ndi pokwerera basi. Ndi mayi wamfupi, wamawu aakulu, amavala chipewa chachimuna. Atasuzumira m'katonimo anaomba m'manja n'kuitana mnzake wogulitsa nthochi kuti adzaone. Anandifunsa kuti duwali linandilakwira chiyani. Nditafotokoza za thonje ndi mswachi anaseka mpaka kugwira tebulo kuti asagwe. Nditafika pa mafuta ophikira anasiya kuseka, n'kundifunsa ngati ndinkafuna kulikazinga ndi anyezi.

Atapuma anandiuza kuti ufa woyera uja si fumbi ayi. Akuti duwalo limaupanga lokha, ndi chovala chake, umalitchinjiriza ku dzuwa ndiponso umathamangitsa madzi kuti asakhazikike pa tsamba. Ine ndinalivula, n'kulidzoza mafuta, n'kuliyanika padzuwa la masana. Ndinafunsa kuti ufawo umabwerera pakapita masiku angati. Anapukusa mutu, akuti tsamba lopukutidwa limakhala choncho mpaka lidzaume, ufa umabwera ndi masamba atsopano okha. Ndinafunsa ngati ali ndi lina lofanana nalo loti ndigule, ndikaike m'malo mwake eni ake asanabwereko kochotsetsa ng'ala. Sindikubisirani, Amayi, maganizo amenewo anandifikira ndithu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akuti lofanana nalo alibe, ndipo ngakhale akanakhala nalo, munthu amene wapita kukatsukitsa maso si woti n'kumunamiza.

Koma mayiyu ndi wamtima wabwino, pakamwa pokha m'pamene pali minga. Anazula duwalo m'kachitini kanga kokongola, anakutumula dothi lonyowa, n'kudula mizu yowola ndi lezala. Anati tsinde likadali lolimba, lipulumuka ngati ndingathe chinthu chimodzi chimene akuona kuti chindivuta, kusunga manja anga m'thumba. Anandilamula kuti ndilisiye pamthunzi masiku atatu lopanda dothi kuti mabala aume. Kenako ndilibwezere mumphika wake wadothi uja, poti uli ndi bowo pansi ndipo umapuma. Dothi likhale losakaniza ndi mchenga wokhakhala wakumtsinje ndi timakala tophwanya. Madzi ndisathire mpaka patatha mlungu, ndipo kuyambira pamenepo ndizibaya kamtengo kufika pansi pa mphika. Kakatuluka kouma ndiye ndithire, m'mbali mwa dothi, osati pakati pa masamba. Dzuwa likhale la m'mawa lokha, la pa zenera, ndipo mphikawo ndiziutembenuza pang'ono mlungu uliwonse kuti duwa lisapendekere mbali imodzi.

Masamba aakulu am'munsi amene anali asanawole analipo khumi ndi awiri. Anawathothola yekha, kuwapotoza pang'onopang'ono kuti achoke athunthu. Ine ndinkayesa kuti akukataya, koma anawakulunga m'nyuzipepala n'kundipatsa, akuti n'cholinga choti mayi wa masambawo akafa, mbewu isathe. Ndiwaumitse masiku angapo, kenako ndiwagoneke pamwamba pa mchenga wouma m'thireyi, osawakwirira, osawathirira, osawatembenuza, osawalankhula n'komwe. Ndinafunsa kuti zikatero chichitike n'chiyani. Anati ndidzaona ndekha ngati ndili ndi mwayi. Anakana kulandira kalikonse, akuti kuseka kuja kwamukwanira.

Milungu yotsatirayo inandivuta kuposa ntchito ina iliyonse imene ndinagwirapo, chifukwa ntchito yake inali kusachita kanthu. Ndinkadzuka n'kuima pa zenera manja ali kumbuyo. Ndikaona kafumbi kenikeni pa tsamba, zala zinkandiyabwa. Kansalu kanga ndinakatsekera m'sutikesi kuti ndisamakaone. Kamtengo kobayira dothi kaja ndinkakabaya kawiri pa tsiku, mpaka mayi wamaluwa anandiopseza kuti andilanda. Tsiku lina ndinapeza tizilombo toyera ngati thonje titabisala pakati pa masamba. Ndinathamanga kukanena, ndipo anandilola kutichotsa ndi nsonga ya kamtengo. Tsiku limenelo ndinasangalala zedi, poti ndinapezako choyeretsa.

Pang'onopang'ono duwa linasiya kugwetsa masamba. Pakati pake panatuluka timasamba tatsopano, totuwa mbuu ndi ufa wake, ndipo ulendo uno ndinatiyang'ana mwaulemu. Koma kunena zoona linali losaoneka bwino. Linachepa ndi theka, tsinde lili pamtunda ngati khosi la nkhuku yosoloka nthenga, masamba ena ali ndi zipsera. M'thireyi muja masamba anayi anafota n'kuuma. Asanu ndi atatu otsalawo anatulutsa timizu tofiira towonda, ndipo mlungu wachisanu ndinaona kumapeto kwa tsamba lililonse kwamera kakabichi kochepa kuposa njere ya nyemba. Thireyiyo ndinkaisunga patebulo langa, m'kati, pafupi ndi zenera.

Achikulire anabwera Lamlungu masana. Ndinawaona akutsika galimoto opanda ndodo, akuyang'ana chilichonse, denga, mtengo wa pageti, ming'alu ya pakhoma. Atandipatsa moni ananena kuti sankadziwa kuti ndili ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Ndinaseka mokakamiza. Sindinadikire kuti afunse. Ndinatenga mphika uja n'kukauika patebulo la pakhonde pawo, ndinakhala pa sitepe, n'kufotokoza zonse, mswachi, mafuta, kachitini, mpanda. Za thireyi zokha sindinanene. Ndinaopa kuti ndikawonjezera zoti masamba ena tinachita kuthothola, andipirikitsa tsiku lomwelo.

Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anavala magalasi awo atsopano, anazunguza mphika pang'onopang'ono akuyang'ana m'munsi, kenako anafunsa kuti masamba aakulu aja ali kuti, aja anali ndi zidindo. Ndinati zidindozo ndi zimene ndinayambira kupukuta. Kenako anandiuza, mawu ali pansipansi, kuti zala zimenezo zinali za akazi awo. Akuti m'miyezi yawo yomaliza mayiwo sankatha kuyenda, ankangokhala pampando pafupi ndi zenera. Ankadziwa bwino kuti duwalo saligwira, koma ululu ukakula ankatambasula dzanja n'kumakanikiza masamba ndi chala chachikulu. Chimwalirireni, achikulire ankatenga kagalasi kawo kokonzera mawotchi n'kumayesa kuona zidindozo, koma ankangoona chifunga. Anati ali gone pa bedi la kuchipatala, chinthu choyamba chimene ankafuna kudzaona ndi maso atsopano chinali chimenecho.

Amayi, ndinalira. Sindinalire chifukwa cha chipinda ayi, panthawiyo chipinda ndinachiiwala. Ndinalira chifukwa ndinafufuta chinthu chimene sindingathe kubwezera, ndipo ndinachifufuta ndikuimba. Achikulire ananyamula mphika wawo n'kulowa m'nyumba. Masiku asanu otsatira tinkangopatsana moni wa m'mawa basi. Ine ndinayamba kufunsa anzanga akuntchito ngati akudziwa chipinda china, ndipo nkhani ya Kamphepo ndinaikwirira.

Koma maso atsopano ali ndi vuto lake, salola munthu kukhala pansi. Achikulire anayamba kuzungulira nyumba ndi bokosi la zipangizo, akumanga chilichonse chogwedera. Loweruka m'mawa, ine ndikuchapa pampopi, anafika pa zenera langa kuti akonze chotsekera chimene chakhala chikulendewera chaka chonse. Ndinangomva akundiitana motsitsa mawu. Ndinawapeza atalowetsa mutu pa zenera, akuyang'ana thireyi ija. Anafunsa kuti timeneti n'tiyani. Ndinaulula kuti ndi masamba aakulu aja, ndipo ndinafotokoza zonse zimene mayi wamaluwa anachita.

Anandiuza kuti nditulutse thireyiyo panja. Anakhala pa sitepe yanga, anatulutsa kagalasi kaja m'thumba la malaya, n'kuyamba kuyendera tsamba limodzilimodzi monga ankachitira ndi mawotchi. Akuti zaka makumi awiri duwalo lili m'nyumba mwawo sankadziwa kuti tsamba lothothoka limabereka, zoterezi ankadziwa ndi malemu akazi awo. Anawerenga tianato kawiri, n'kupeza tisanu ndi titatu. Kenako anafunsa ngati ndikutsimikiza kuti awa ndi masamba omwe aja, am'munsi, amene mayi ankagwira. Nditavomera anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, n'kunena kuti ndiye kuti pamene panadutsa chala chawo m'pamene pamera.

Patapita kanthawi anandifunsa funso limene ndinkaliopa, loti n'chifukwa chiyani ndinavutika chonsecho ndi mswachi pamene iwo anati ndisalivutitse. Ndinaona kuti bodza silindithandizanso. Ndinawauza kuti ndinkafuna kuwafewetsa mtima kuti andilole kubweretsa mwana wanga. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti ndiye chinali chiphuphu. Ndinati inde bambo, chiphuphu chake chopaka mafuta ophikira. Anaseka, Amayi! Zaka ziwiri ndili pano ndinali ndisanawamvepo akuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kuthamanga kukawatungira madzi.

Anafunsa zaka za mwanayo. Nditati zisanu ndi zinayi, anafunsa ngati amakwawa. Ndinadabwa, ndinati ayi, amathamanga, n'chifukwa chake timamutchula kuti Kamphepo. Apa m'pamene anandiuza chiyambi cha lamulo lija. Akuti maso atangoyamba kuvuta, munthu amene ankakhala m'chipinda chino ine ndisanabwere anali ndi khanda lokwawa, ndipo tsiku lina iwo analiponda kadzanja pakhonde osaliona. Mwanayo sanathyoke, koma kulira kwake kunawakhala m'makutu. Anachita manyazi kuvomera kuti sakuona, ndiye anangoti ana ayi. Anati ndikanafunsa tsiku loyamba lomwe lija, akanandiuza kuti mwana woyenda yekha alibe naye vuto, bola asamasiye nsapato panjira. Taganizani, Amayi. Zaka ziwiri ndakhala ndikuyenda monyang'ama pakhomo pano, ndikukonza mawu m'mutu, chonsecho kunali kungotsegula pakamwa.

Alola. Malamulo awo ndi awiri. Loyamba, mwana asagwire masamba a duwa. Lachiwiri, mayi a mwanayo asayandikire duwalo ali ndi nsalu m'manja, akuti amene akumukayikira kwenikweni si mwanayo koma ine. Dzulo anatulutsa kabedi kachitsulo m'chipinda chawo chosungira katundu, n'kukamanga okha miyendo, ndipo kakwana bwino pakati pa bedi langa ndi khoma. Ndinapitanso kusukulu kuja. Aphunzitsi aakulu anati malo alipo teremu ikubwerayi, bola ndibweretse kalata yochokera kusukulu yakale. Mayi wamaluwa nditamuuza zonsezi anati mwanayo akadzafika ndidzapite naye, adzaone yekha ngati sindinamusupule khungu ndi kupukuta.

Tiana ta kabichi tikukula bwino. Mayi wamaluwa akuti tisatichotse pa tsamba mpaka tsambalo litauma lokha, poti ndi mmene tikuyamwa. Thireyi ikadali kwa ine chifukwa zenera langa ndi limene limalandira dzuwa la m'mawa, ndipo achikulire amabwera sikisi koloko yeniyeni, ndisananyamuke, kudzatiwerenga. Tikadali tisanu ndi titatu. Duwa lalikulu nalonso layamba kudzaza, zipsera zikutsikira m'munsi, pamwamba pakubwera masamba otuwa.

Tsopano ndafika pa pempho lija. Amayi, ndipatseni mwana wanga. Ndalemba mawu amenewa n'kukhala kaye ndikuwayang'ana, chifukwa ndikudziwa kuti inunso ndi wanu. Ndinu amene munamugoneka pamiyendo atadwala chikuku, ndinu munamuphunzitsa kuwerenga pa mapaketi a sopo. Iyenso ndi amene amakulowetserani ulusi pa singano ndi kukupakani mankhwala pa bondo. Ndikamutenga, nyumbayo idzachita zii, ndipo inu simudzadandaula kwa aliyense, ndimakudziwani. Zimenezi ndaziganizira kwambiri ndipo zikundipweteka.

Komabe ndikupempha. Ndikufuna ndimuluke tsitsi ndekha asanakule n'kuyamba kukana. Ndikufuna akalakwa ndimukalipire pamaso, osati pa foni. Pali chinthu chimene sindinakuuzenipo. Ulendo watha uja, mutandiperekeza ku basi, Kamphepo ananditsanzika mwaulemu wonse, dzanja lina atagwirizira ndi linzake, mofanana ndi mmene amatsanzikira alendo. Kenako anathamanga kukabisa nkhope m'nsalu yanu. Munamulera bwino, palibe chimene analakwa. Ine ndinamwetulira pa zenera la basi, koma ndinalira mpaka theka la njira.

Musamuuze kaye ngati mtima wanu sunakonzeke. Mukakonzeka mumuuze ndinu, poti mawu anu ndi amene amawakhulupirira. Ndipo bondo likalola, musamutumize ndi achimwene, mubwere naye nokha sukulu ikatseka, mudzakhale nafe mwezi wathunthu mpaka azolowere. Bedi langa ndi lanu, ine ndidzagona pansi.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu anga, muwauze achimwenewo kuti apitirize kundiuza zonse zimene mumabisa. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi ana awo, ndi kwa mng'ono wanga amene sayankha mauthenga. Kamphepo mumuuze kuti mayi ake akumupatsa moni ndipo amamuganizira tsiku lililonse. Zinazo adzamva kwa inu.

Ndidikira yankho lanu, ndipo mukachedwa sindidzakufulumizitsani.

Ine mwana wanu wachisamba,
mayi a Kamphepo